Tsiku Lomwe Ndinadzoza Makina a Khofi

Chipsera chili pachibwano changachi, anthu a kutchalitchi amati ndinaterereka pa ayezi. Asiyeni. Ndinena zoona, koma musayembekezere kuti ndipepesa.

Ndili ndi makina ophikira khofi, aja okhala ndi ndodo yoti ukaikokera pansi, sipuling'i imaibweza m'mwamba pang'onopang'ono kwinaku ikufinya khofi. Ndinawagula akale kuno ku Wheaton, ku America. M'kati mwake muli timphira totseka madzi, ndipo tikauma ndodo ija imalira ngati chitseko cha dzimbiri. Anga anayamba kulira apongozi anga aamuna atatsala pang'ono kufika kuchokera ku Ntchisi kudzaona mdzukulu wawo, Tadala.

Apongoziwa ndi mlimi wa khofi. Chikwatirireni mwana wawo amanditenga ngati munthu wongodziwa kudya (mawu awo omwe, ananditsina khutu ndi mlamu wanga). Ulendo uno analonjeza kundibweretsera thumba la khofi wa m'munda mwawo, ine n'kulumbira kuti aona okha kuti mkamwini ali ndi manja.

A Zulu, mnzanga wa ku Lusaka wa khomo loyandikana nalo, anandichenjeza kuti timphirato timafuna girisi wa silikoni, wosawononga chakudya, ndipo kuti mafuta odzola amatupitsa mphira. Ndinawaseka. Ine munthu woti ndakula ndikukonza mipope ya njinga ndi mafuta odzola, andiphunzitse za girisi munthu wa kubanki? Ndinamasula, n'kutapa m'botolo la mwana (mafuta onunkhira aja), n'kupaka mosaumira. Ndodo inangoti myaa! Kwa masiku angapo ndinkangoikoka popanda khofi, kumvetsera kufewa kwake.

Apongozi atafika, Lamulungu titaweruka kutchalitchi, ndinaitana a Zulu kuti adzaone okha. Ndinapera khofi wa apongozi, ndi kuwapatsa apongoziwo kapu ndi manja awiri. Anamwako kamodzi, n'kununkhiza.

"Bambo a Tadala," anatero mwaulemu wonse, "kodi kuno khofi mumayamba mwamudzoza ngati khanda?"

Mayi a Tadala anathawira kuchipinda, ati kukaona mwana (mwanayo anali m'manja mwa a Zulu). Mtima unandiwawa, koma ndinanena motsindika kuti vuto ndi kapu yosatsukika bwino. Ndiyambirenso. Apa ndodo inauma gwaa, timphira tija titatupa. Wina akanasiyira pomwepo. Ine ndinaitsamira ndi thupi lonse, nkhope ili pamwamba pake. Inatsika, mphira unang'ambika, dzanja langa linapulumuka, ndodo n'kubwerera ndi ukali wonse. Pachibwano, pho!

Nditatsegula maso ndinali pansi, apongozi akundipukuta magazi. Anaitanitsa botolo lija, anatapa pang'ono ndi chala, n'kundipaka pabalapo.

"Ntchito yake ndi imeneyi," anatero.

Madzulo ake thumba la khofi linatuluka m'nyumba mwanga lili m'khwapa mwa a Zulu. Apongozi anawapatsa okha, ati khofi wawo anamulima movutikira.

Girisi wa silikoni ndinagula, inde, ndi timphira tatsopano, koma munthu asanene kuti ndinagonja. Mpope wa njinga sunandimenyepo chibadwire. Mphira wa kuno ndiwo wofooka, ndipo a Zulu ndimawauza zimenezi m'mawa uliwonse, ndikapita kwawo kukapempha khofi wa apongozi anga.