Bwato Pamutu, Ulendo wa kwa Nachanza

Mukuseka chiyani, a Fulaide? Ikani pansi chikho cha uchemacho, mowa wa mgwalangwawo ungakutsamweni. Ndati ine Zuze, mwana wa kwa Mlolo, wobadwira m'bwato madzi atalanda nyumba, ndinakwera phiri lija mukuliona kum'mawa uko, lija limagwira dzuwa mwendo mpaka atambala kutopa n'kulira, ndipo sindinakwere chimanjamanja ngati nyani, ndinakwera bwato lili pamutu. Wotsutsa akafunse kumanda a amayi anga, ali apo pansi pa mlambe, sanasamuke.

Inu a dzana simudziwa m'mene tinalili. Kuno chinthu chachitali chinali chulu, ndipo munthu akakwera pachulu ankatsika n'kumasimba za ulendo. Masiku amenewo njanji inali itangoyamba kukwawa kuchokera ku Chiromo, ndipo tinkaona azungu akunyamulidwa pamachila kupita kumapiri, osati kukasaka, osati kukadula nsungwi, ayi, kukangokhala pamwala n'kumayang'ana. Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa. Munthu wamutu wake n'kukwera phiri lonse lija kuti akaone dziko lomwelo walisiya pansi?

Chinandichotsa nzeru ndi mkazi, shamwali. Dzina lake Nachanza, wakumapiri, ankatsika ndi dengu la nthochi ndi nandolo kudzasinthitsa ndi nsomba zouma. Akamayenda padooko, achule ankasiya kulira. Ine ndinkamupatsa mlamba wonga ntchafu yanga posinthana ndi nthochi zitatu, mpaka amayi anayamba kunena kuti ng'ona ikutibera pathandala. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumuuza mawu anga. Iye anandiyang'ana kuyambira kumapazi, nati, "Kwathu mwamuna amafunsira pamwala. Kuseri kwa mudzi kuli mwala umene timakhalapo tikatopa ndi ntchito, n'kumaona chigwa chanu chonse. Malume anga amati mwamuna wosadziwa maonekedwe a kwawo sangasunge mwana wa eni. Mubwere chimanga chisanalowe m'nkhokwe, chifukwa kapitawo wa panjanji wafika kale kawiri, ndipo kachitatu malume avomera."

Kapitawo! Munthu wansapato! Ine mtima unapsa, tsikulo sindinadye.

M'mawa mwake ndinasenza bwato. Inu mukuti bwatolo la chiyani kuphiri? Funso la munthu wosakokoloredwapo limenelo. Munthu wa kwa Mlolo sasiyana ndi bwato lake, chifukwa madzi sapempha njira, amakupeza uli kumaliro, amakupeza uli kumowa, ndiye ine ndikanadziwa bwanji kuti kumwambako safika? Linali bwato la mtondo, lonyamula anthu makumi atatu ndi mbuzi zawo, ndinalitukula ndi dzanja limodzi, nkhafi n'kukhala ndodo, ulendo.

Njira yake, a Fulaide, sinali njira, chinali chipupa. Ndinkati ndikaponda bondo linkandimenya chibwano, mphuno inkalima mizere m'dothi, moti anthu akumeneko anadzalamo mbatata ine nditadutsa, ndipo anakolola zaka ziwiri osagwira khasu. Dzuwa lili pamutu ndinamva kanthu kakuyetsemula pamwamba panga, ndinati kodi bwato limagwidwa chimfine, n'kutula kuti ndione, ndiye ndipeze mvuu, yaikazi, yonona, ili mtulo m'bwatomo kuchokera kudooko, ine kumangoti lero khosi likundivuta. Ndinaigwira khutu n'kuiponyera kumbuyo, inagubuduka n'kukumba chigwembe mpaka kudambo, thukuta langa n'kutsata m'menemo, ndipo mpaka lero kamtsinje kameneko kakuyenda, madzi ake ndi amchere, amayi amaphikira ndiwo osathira kanthu. Mukumva?

Nditakwera pang'ono, ndinangoona chinthu choyera chikutsika, chikumeza mitengo, chikumeza miyala, chozizira, chonyowa, chopanda phokoso. Akumapiri amati nkhungu, koma ine ndinali ndisanaionepo yotero, ndinangoti basi, madzi afika, ndinanena ine! Ndinaika bwato pamwamba pake n'kulumphiramo, ndipo linayandama, Mulungu ali kumwamba, linayandama bwino kuposa pa Shire, ndinapalasa chokwera ndikuimba, nsonga za mitengo zikukanda kunsi kwa bwato, anyani akundiyang'ana kukamwa yasa, ndinaponya ukonde kamodzi kokha n'kukola nkhwali makumi awiri ndi tonde wa eni ake woima pachitsa, ndipo ndili mkati mopepesa tondeyo bwato linagunda chinthu, kho! Unali mwala uja.

Nachanza anali atakhala pamenepo, ndipo chapatali pang'ono panali malume ake, a Chimbalanga, nkhalamba yogontha khutu limodzi, ikufwenkha fodya wam'mphuno. Ndinagwada, ndinawomba m'manja, ndinapereka nkhwali zija. Iwo sanaziyang'ane n'komwe. Anangoloza kumapeto kwa mwala ndi chibwano, nati, "Pitani apo, mkamwini wofuna kukhala. Nkhungu ikachoka mundiuze zimene mukuona."

Mphepo inawomba, nkhungu n'kuyalulika, ndiye abale anga, dziko lathuli! Ife timalinyoza, timati n'lotentha, timati n'la udzudzu, chifukwa timaliona tili m'kati mwake. Shire anali atagona pakati pa chigwa, akunyezimira, akukhota mosafulumira ngati munthu woyenda m'munda mwake, ndipo dambo linali lobiriwira kobiriwira kosiyanasiyana, bango mtundu wake, gumbwa mtundu wake, pakatipakati timaiwe tikuphethira, akakowa atayera m'mphepete, njati zikudya zitatundumiza misana. Migwalangwa inaima m'magulumagulu ngati anthu okambirana za ukwati. Pa Chiromo, pamene Ruo amapereka madzi ake kwa Shire, madzi awiriwo ankayenda limodzi osasakanizika, ena ofiira ena otuwa, ndipo kasitima kapamadzi kanali katatitimira pamchenga, kakufuka utsi mwaukali. Kutsidya, cha ku Ngabu, minda ya thonje inali mbuu, kupitirira apo mapira ofiira, kupitirira apo mapiri ouma a kwa Chapananga, mbuzi zikukwera m'miyala, ndinaziwerenga zonse, imodzi inali yotsimphina. Kumwera dziko linangopita, n'kupita, mpaka linatopa n'kusanduka thambo.

Ndipo kwa Mlolo kwathu kuno, kumene ndinkati n'kwakukulu, kunali kongokwana pachikhatho. Ndinaona denga lathu, ndinaona amayi akusinja mapira, ndinaona nkhuku ikuwabera pamphasa kumbuyo kwawo, ndinakuwa kuti amayi, nkhukuyo! ndipo mawuwo anafika patapita masiku atatu, ine nditabwerera kale, ndinadzimva ndekha ndikukuwa ndili pakhonde, nkhuku n'kuthawa. Zonsezi ndinazitchula mokweza, chimodzichimodzi, a Chimbalanga akugwedeza mutu kumbuyoko, mpaka anayetsemula nati, "Uyu maso ali nawo. Akabwere ndi ankhoswe ake." Kapitawo anangotsala ndi nsapato zake.

Thirani wina uchemawo. Ayi, dzazani.

Mwasiya kuseka tsopano, a Fulaide, ndiye ndikuuzeni chimene sindinauzepo munthu. Za bwato n'zoona. Za mvuu n'zoona, ndingalumbire pamaso pa aliyense. Koma nkhungu ija itachoka, ine ndinayang'ana pansi kamodzi kokha, kuphethira kumodzi, ndinaona phompho pansi pa zala zanga, mbalame zikuuluka kunsi kwa mapazi anga. Ine wogwira ng'ona kumchira, ndinakhala pansi phwata, ndinagwira udzu ndi manja onse awiri, ndinatsinzina, ndipo maso anakana kutsegukanso. Mantha, shamwali, mantha enieni, a mwana. Ndinadziwa kuti zatha, akazi apita, ndipo ndinafuna kulira.

Ndiye ndinamva munthu akukhala pafupi nane, n'kugwira phazi langa. Anali Nachanza. Anakuwira malume ake kuti, "Alendowa alasidwa minga, ndiwazule." Ife tinawapatsa msana, iwo sankaona nkhope yanga. Anawerama ngati akufunafuna munga, n'kuyamba kunong'ona. "Musatsegule, ingomverani. Nenani kuti Shire akunyezimira. Nenani za akakowa. Kasitima katitimira pamchenga, nenani." Iye kunong'ona, ine kukuwa. Iye kunong'ona, ine kukuwa. Mawu ake sankanjenjemera, ndipo ankatchula dziko langa mwachikondi chimene ine mwini wake ndinalibe, mpaka anati, "Apo pali mlambe, pambali pake kadenga katsopano. Ndimakayang'ana tsiku lililonse. Ndi kanu kodi?" Kanali kanga.

Anandiitsitsa phirilo atagwira nsonga ya nkhafi, iye patsogolo ine pambuyo, ndikuyang'ana zidendene zake zokha. Anthu akwawo anadabwa kuti mkazi akutsikira kuchigwa m'malo moti mwamuna akakhale chikamwini, koma iye anawauza kuti msodzi sangavuule nsomba pamwala, nkhani n'kuthera pomwepo. Tinakhala limodzi mpaka imvi. Tinkayambana ngati anthu onse, ankanditchula waulesi, ankanditchula wamkamwa, koma za pamwala paja sanazitulutsepo, ngakhale tsiku limene ndinamukwiyitsa kwambiri. Ndikamasimba nkhaniyi pagulu iye ankangosenda nyemba zake, ndikaiwala kanthu n'kundikumbutsa kuti, "Mwasiya migwalangwa." Chaka chino ndi chachitatu chimuikireni, ndipo ndamusowa, sindibisa.

Ndiye inde, chigwa chino ine sindinachionepo kuchokera kumwamba, ndinachita kuuzidwa. Munditche wabodza, ndilola, ndakalamba nalo dzinalo. Koma wina wa inu akwere phirilo, akaime pamwalapo ndi maso ake awiri, abwere adzandiuze pano chimodzi chokha chimene Nachanza analakwitsa.