Mafunde a pa Damu la Ng'ombe

Lolemba

Mwezi wachinayi uno Limbikani mwana wanga osandiimbira. Chipitireni kukagwira ntchito pa loji ya m'mbali mwa nyanja ku Mozambiki, ndimangomuona pa sitetasi ya foni: waima pa thabwa, funde likumuthamangitsa kumbuyo. Pansi amalemba, "Lero mafunde mamita awiri, mphepo yochokera kumtunda." Ine ndikamlembera za mvula ndi feteleza, amayankha "ok". Ndiye ndaganiza zomutsatira komweko. Ndikwera funde pa damu lathu, ndijambule, ndimtumizire. Mwina aimba. Zaka makumi atatu ndaphunzitsa jogalafe kuno ku Vubwi, funde ndalijambulapo pa bolodi kosawerengeka.

Lachiwiri

Zofunika: thabwa, sera yopaka pa thabwalo, mafunde.

Thabwa lapezeka. Ndazula chitseko cha chipinda cha Limbikani, poti palibe amagonamo. Cha mlombwa, cholemera ngati mlandu. Sera ndilibe, koma polishi wofiira wa pansi amene anasiya malemu mayi ake alipo theka la chitini. Ndapaka kawiri. Chikunyezimira bwino zedi, mpaka ndaitana kuti "tabwerani muone", kenaka ndakumbukira kuti m'nyumba muno ndili ndekha.

Lachitatu

Mmene damu lilili lero:
Mafunde: palibe.
Mphepo: yotentha, yochokera ku Mozambiki komweko, koma yafika chimanjamanja.
Madzi: olekeza m'chiuno, pansi matope okhaokha.
Ng'ombe: khumi ndi ziwiri.

Ndakhala pa chitseko kudikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo. Mayi wina amene amachapa chapafupi: "A Ticha, ngati chitsekocho n'chofuna kutsuka, bweretsani tikuthandizeni."

Lachinayi

Kwabwera a Banda, mkulu wa mpingo, atavala jekete kutentha konseku. Amva zoti ndikumapita kumadzi masana. "Mpingo wathu timangowaza pamutu, a Ticha. Zomiza thupi lonse n'za anzathu ena." Ndawaonetsa Limbikani pa foni kuti amvetse. Aonera katatu, kenaka: "Mwanayu wanenepa." Ine zimenezo sindinazione, maso anga anali pa funde. Atapita ndaonanso. Wanenepadi, ndipo akusunga ndevu.

Lachisanu

A Phiri, anansi anga, abwera ndi nzeru: ng'ombe zawo zikalowa m'damu zonse pamodzi, madzi amakankhika. Foni ndaiimika pa mwala. Ndagona chafufumimba pa chitseko monga amachitira mwana uja. A Phiri akuwa, ng'ombe zalowa, funde labweradi, msinkhu wake ngati mzere wa mtedza. Ndadzuka kuti ndiime.

Polishi uja!

Mapazi kumwamba, msana m'matope, magalasi anga a m'maso mpaka pano sakudziwika kumene ali. Chitseko chapendekeka n'kuzika mutu m'matope, pang'onopang'ono, mwaulemu. A Phiri aseka mpaka kukhala pansi, kenaka apukuta misozi: "Pepani, a Ticha. Tibwereze?"

Loweruka

Chitseko tachikoka ndi ng'ombe zomwezo. Zimene foni yajambula: matako a ng'ombe, michira, kenaka miyendo yanga iwiri ikudutsa m'mwamba. Ndakwera pachulu pamene pamagwira netiweki, ndatumiza choncho. Pansi ndalemba ngati iye: "Lero funde theka la phazi, mphepo palibe." Timizere tiwiri tasanduka tabuluu. Waona. Ndakhala pachulupo ola lathunthu, foni m'manja, nyerere zikukwera m'thalauzi. Siinalire. Msana ukuwawa, koma ndilembe zoona: mwana ameneyu ndamusowa.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense wandipatsa moni wa manja awiri, maso ali kumbali, masaya atatupa ndi phwete. Pobwerera ndadzera pachulu. Yankho lafika: chala chachikulu chimodzi ndi kankhope koseka mpaka misozi. Mawu palibe. Chabwino, waseka, ndilandire zomwezo.

Chitseko ndayesa kubwezera, chakana. Chatupa ndi madzi, ndipo a Phiri akuti chikauma chipindika, sichidzalowanso m'malo mwake. Ndachitsamiritsa pakhoma. Tsopano ndikamachoka kukhitchini ndi mbale yanga imodzi, ndikumaona bedi la Limbikani loyala bwinobwino ndi nsapato zake za mpira pansi pake. Zaka ziwiri ndakhala ndikudutsa pamenepa osaona kanthu. Ndatenga nsalu kuti nditchingepo, ndaima nayo kanthawi, ndaibwezera m'sutikesi.