Tepi ya nalimata ndi chithunzi cha apongozi

Uphunzitsi wa sayansi uli ndi matenda ake: ukangodziwa kanthu, umafuna aliyense amve. Ine anandigwira tsiku lomwe ndinagula tepi pa msika wa Lundazi. Wogulitsa anati, "Iyi ni ya nalimata, aticha. Ilibe guluu, koma ikagwila yagwila."

Eni nyumba yomwe timachita lendi analetsa kukhoma misomali. Ndiye apongozi anga aakazi, pobwera kuchokera ku Mphamba kudzationa, anatibweretsera chithunzi cha malemu amuna awo, chokhacho chomwe chilipo, cha m'fulemu yagalasi. Zaka zinayi ndili pabanja, mayiwa anali asanandilankhulepo maso ndi maso, mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga Tiwonge monga mwa mwambo. Kutipatsa chithunzicho kunali kundivomera, ndipo mumtima ndinakondwa kwambiri.

Ndinadula tizidutswa tinayi ta tepi ija, n'kumata kumbuyo kwa fulemu, n'kukanikiza pakhoma. Chinagwira. Ndikanangokhala chete pamenepo, koma kodi mphunzitsi amatha? Ndinayamba kufotokozera Tiwonge mokweza, kuti apongozi amve, zoti zala za nalimata zili ndi tiubweya tosaoneka ndi maso, togwira khoma popanda ulimbo, ndipo akatswiri anangotengera nzeru yomweyo. Chomwe ndinaiwala, ine wasayansi, n'choti dzulo lake ndinali nditapaka laimu khomalo pokonzekera alendo. Tepi inagwiradi, koma inagwira laimu, ndipo laimuyo ndi amene anasiya khoma.

Madzulo ake, tili pakati pa pemphero, maso chitsekere, tinangomva phwaa! Ndinatola chithunzicho pakati pa magalasi osweka. Nkhope inapulumuka, kona yokha ndi imene inang'ambika, komabe ndinalakalaka nditalowa pansi.

Pafupi ndi malata, nalimata weniweni anali phee pakhoma lomwelo. Apongozi anamuyang'ana, kenaka anatembenukira kwa ine, osati kwa Tiwonge.

"Aphunzitsi, mnzanu uyo sakugwa chifukwa anyamula thupi lake chabe. Sanayesepo kunyamula apongozi ake."

Mawu awo oyamba kwa ine, amenewo. Anakulunga chithunzicho m'chitenje mwawo n'kuwonjezera motsitsa: "Adada abwelele ku Mphamba. Adzabwela mukapeza msomali."

M'mawa mwake ndinali pakhomo pa eni nyumba, chipewa m'manja, kupempha chilolezo cha msomali umodzi wokha. Za nalimata ndizingophunzitsa m'kalasi. Apongozi anga sindidzawapachikanso pa sayansi.