Dimba Langa Lawoloka ku Zumbo

Lolemba
Dzulo pa gulu la amayi kutchalitchi ndinalankhula. Ine! Amai Tembo, mkulu wa gulu, amatiphunzitsa mawu akuti kuganiziranso. Ati: "Kukonza n'kubwezera chinthu mmene chinalili. Kuganiziranso n'kuchiyang'ana n'kuona chinthu china." Pakamwa panga panangotseguka pokha: bwato lakale la atate ndilisandutsa dimba la repu, poti kuseri kwa nyumba mvuu sizifika. Onse ati abwera Lamlungu kudzaona. Mayo ine!

Lachiwiri
Bwato ndalitsuka. Pansi pake pali chiboo chimene chinalichotsa pamadzi, nkhonya ikulowa. Chiboo chabwino zedi, madzi otsala azitulukira pamenepo. Zofunika:
dothi lakuda
manyowa a mbuzi (azakhali a ku Mburuma atumiza pa lole ya makala)
mbewu ya repu
minga yotchingira nkhuku
Atate akundiyang'ana uku akusoka ukonde. Ndawafotokozera mawu aja pang'onopang'ono, osadumpha kanthu. Ati, "Ndamva, mwanawe." Ndakondwa.

Lachitatu
Sanamve! Ndikubwera kumsika, pakhomo ponse fungo la phula. Chiboo changa atseka: chigamba cha lata, saka, phula pamwamba. "Msodzi sangaone chiboo n'kungodutsa," akutero, mano onse panja. Ndiwauze kuti amatule? Atate anga? Ndangoti zikomo.

Lachinayi
Dothi lalowa. Mizere ndayesa ndi chingwe, yowongoka bwino. Mbewu iliyonse pamalo pake. Ndikuthirira ndi kapu, pang'ono chabe, chifukwa cha nkhani ya chiboo ija. Mwina zitheka.

Lachisanu
Sizikutheka. Amai anga athira ndowa yathunthu, ati kundithandiza. Alamu nawo akhuthuliramo madzi otsukira nsomba, ati ndi fetereza. Madzi alibe potulukira, mbewu zikuyandama. Abakha a aneba adumpha minga, akusambira pamwamba pa mizere yanga.
Zimene zamera: palibe.
Amene asangalala: abakha.

Loweruka
Ndatenga msomali kuti ndikaboole mwakachetechete. Ndikupeza atate agwada, akupapasa kunsi kwa bwato. Pouma gwa! "Losatulutsa madzi silingalowetsenso madzi," akutero, maso akuwala ngati a mnyamata. Msomali ndaubisa m'chitenje. Pofika madzulo dothi lonse lili pansi, iwo ndi anzawo akukokera bwato kumtsinje, akuimba. Sindinawaone akuseka chonchi chiyambire kubwereka mabwato a eni.

Lamlungu
Abwera onse, atavala zitenje za gulu. Kuseri kwa nyumba kuli mulu wa matope ndi nthenga za abakha. Amai Tembo: "Nanga dimba lili kuti, mwananga?" Ndikuyang'ana zala zakumapazi. Mawu atuluka aang'ono: "Lawoloka ku Zumbo, tsidya lija la mtsinje, lanyamula amalonda a nsomba." Aseka mpaka kugwirana mapewa. Amai Tembo akupukuta misozi, ati phunziro lija amene alimvetsa ndi atate: ayang'ana dimba, aona bwato.

Basi, zatha choncho. Ndiwo za lero ndi nsomba, repu tigula kumsika.

Kukhitchini kunali beseni lobooka. Ndalibisa pansi pa bedi, atate asalione.