Khadi la Mapointi ndi Maliro a Mayi Anga

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo ndakhala ndikuibisa ngati chilonda cha pamalo osaonetsa anthu. Koma poti ku Vosloorus kulibe Mmalawi amene sanaimve, ndipo aliyense akumathirako mchere wake, bola ndiifotokoze ndekha mwini wake. Mukafuna kuseka musekere m'manja, chifukwa muli maliro m'katimu.

Ine ndine Kachingwe, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndimagwira ntchito pa fakitale ina yopanga mapaipi ku Alrode. Chibwerereni ku Joni kuno ndinali ndi chinthu chimodzi chonyadira: sindinkakongola. Ngakhale machesi! Malemu bambo anga ankadana ndi ngongole kuposa mfiti, ndipo ine ndinatengera.

Bambowo atamwalira, uthenga unandipeza ndili pa shifiti. Ndinakwera basi tsiku lomwelo, koma basi ya kumudzi mukuidziwa. Pa boda iyi mzere, pa boda inayo mzere, tikuyandikira Tete tayala phuu! Ndinafika kwathu nkhata za maluwa zitayamba kale kufota pamanda.

Mayi sanandikalipire. Anangondigwira dzanja n'kuti, "Wafika mwananga? Tinakudikira, koma kunatentha kwambiri."

Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Ndinalumbira mumtima kuti tsiku la mayi likadzafika, ine ndidzakwera ndege, zivute zitani.

Ndiye tsiku lina pa lunch tikudya kota, buledi uja amathiramo tchipisi m'kati, mnzanga wa pantchito, a Daka a ku Chipata, anatulutsa khadi lonyezimira m'chikwama.

"A Kachingwe, imwe mukali kukwela basi? Onani ici. Nikagula grocery, ma points. Nikathila petulo, ma points. Yakachuluka, ndeke ni mahala!"

Ndinaona kuti Mulungu wandiyankha kudzera mwa Mzambia.

Tsiku langa la ofu ndinavala malaya oyera, n'kutenga pasipoti, pemiti ndi ma payslip, ulendo wa ku banki ina ku Boksburg. Anandilandira mtsikana wa zikhadabo zazitali zopaka utoto. Anagogoda pa kompyuta, go go go, kenako n'kukwinya nkhope.

"Baba, you have no credit history."

Ndinawongola khosi. "Yes, my daughter. Never in my life!"

Ndinkayembekezera kuti aimirira n'kundigwira chanza, mwinanso kuitana manijala adzaone munthu wosowa. M'malomwake anapukusa mutu mwachisoni.

"No, baba. That's the problem. The system doesn't know you."

Anandifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani. Khadi la mapointi amapatsa munthu amene anakongolapo n'kubweza bwino. Amene sanakongolepo, iwo sadziwa ngati amabweza. Ine ndi imvi zangazi, kwa iwo ndinali ndisanabadwe.

"Start small, baba. Take small credit, pay on time, then come back."

Ndinatuluka chimanjamanja. Zoti banki yandikana chifukwa chosakongola, ndikanamuuza ndani? A Daka akanandiseka mpaka fakitale yonse kumva. Akazi anga, mayi a Tadala, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Elsburg ndipo amagona komweko, kubwera Loweruka lokha. Nawonso sindinawauze. Ndinangoti chabwino, akufuna ngongole zing'onozing'ono? Aziona.

Ndinayambira pa spaza, kagolosale ka pakona pathu, kwa Mwiithiopiya uja tonse timangomutcha my friend. Ndalama zili m'thumba, ine n'kupempha buledi ndi mkaka kuti andilembe.

My friend anandiyang'ana pakawindo kake kachitsulo. "You? Book? My friend, you sick?"

Ndinamuuza kuti angolemba, maso ali pansi.

Kenako ndinapita kwa a Mbewe, tcheyamani wa bungwe lathu la maliro, lija timasonkha mwezi ndi mwezi kuti mnzathu akatisiya mtembo wake upite kumudzi. Ndinawabwereka ya taxi. Akazi awo amagulitsa usipa wochokera kumudzi, ndinatenga mbale pa ngongole. Kwa telala ndinasoketsa buluku losang'ambika, kulipira mwezi ukatha. Tsiku lobweza likafika ndinkalawirira m'mamawa, n'kunena momveka bwino kuti, "Mukumbukire, ndabweza pa nthawi yake." Sabata yotsatira ndabweranso kudzakongola.

Musaganize kuti zinkandikomera. Nthawi iliyonse ndikatsegula pakamwa kupempha, ndinkaona nkhope ya malemu bambo. Tulo tinathawa, chakudya sichinkalowa, lamba ndinaboola bowo lina. Anthu anayamba kundipatsa moni motsitsa mawu. Ine ndinkati ndi ulemu.

Patatha miyezi ingapo ndinaona kuti zakwana. Funso linali loti banki idziwa bwanji zonsezi. Yankho linali losavuta. Kwathu nkhani yaikulu siyenda yopanda mboni. Ukwati umafuna ankhoswe, malire a munda amafuna akuluakulu oimapo. Ndiye ndinaganiza zotenga amuna awiri olemekezeka, tikakhale pamaso pa mtsikana wa zikhadabo uja, akanene ndi pakamwa pawo kuti Kachingwe amakongola ndipo amabweza.

Lachinayi nditaweruka ndinadzera kwa a Mbewe. Mawu oti banki ankandikanika kutuluka chifukwa cha manyazi, ndiye ndinazungulira.

"A Mbewe, ndili ndi nkhani yolemera. Loweruka m'mawa mubwere kunyumba. Muvale jekete, mutengekonso mkulu mmodzi."

"Kwagwanji, a Kachingwe?"

"Ndi zokhudza mayi kumudzi. Ulendo uno sindikufuna kuchedwa ngati muja ndinachitira ndi bambo. Pakufunika ndege."

Nditangotchula bambo, misozi inalengeza. A Mbewe anavula chipewa pang'onopang'ono.

"Basi, musapitirize. Ndamva. Ngongole zija tsopano ndazimvetsa. Munasenza nokha zonsezi?"

"Ndekha, a Mbewe. Koma chonde musauze anthu."

"Limbani mtima. Zisiyeni m'manja mwathu."

Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo, ndikuyamikira kuti munthu wamkulu ndi wamkulu ndithu, nkhani za banki amazigwira usanamalize n'komwe. Ndinaiwala chinthu chimodzi chomwe ngakhale mwana amachidziwa. Kwathu munthu sanena poyera kuti wakuti wamwalira. Amazungulira, amatchula ulendo, amalengeza misozi, ndipo wamkulu amamva yekha.

Loweruka m'mawa ndikusita malaya, ndinamva nyimbo ya maliro ikuchokera kumsewu. Ndinaimika simbi n'kuti, kalanga ine, watisiyanso ndani? Nditasuzumira pawindo ndinaona azimayi a mipango kumutu ndi zitenje m'chiuno, azibambo atasenza mipando ya pulasitiki. Ndinadikira kuti adutse. Sanadutse. Anatsegula geti lathu.

Ndisanafunse kanthu, azimayi analowa m'chipinda changa n'kuyamba kutulutsa tebulo ndi sofa kuti apeze poyala mphasa. Mwini nyumba, gogo wa Chizulu, anandikumbatira akuti, "Nkosi yami, baba, sorry, sorry." Ngakhale my friend anatumiza shuga ndi masamba a tiyi.

Kenako kunamveka mfuu kuchokera pa geti. Anali mayi a Tadala, angotsika taxi ya ku Elsburg, manja kumutu.

"Apongozi anga ine! Amayi ine! Bambo a Tadala, mpaka ndimvere kwa anthu?"

Inu mukudziwa mwambo wathu: uthenga wa maliro umafikira kwa akuluakulu, ndipo mwini maliro amamva pomalizira, anthu atamuzungulira kale. Ndinazindikira kuti mayi anga apita, foni yafikira kwa a Mbewe, ndipo ine ndachedwanso. Khadi ndilibe, mapointi ndilibe, ndatha miyezi ndikukongola usipa.

Ndinagwa pansi n'kulira. Sindinalirepo chonchija chibadwire. Ndinalira mayi, ndinalira bambo, ndinalira basi ija ya ku Tete. Amuna awiri anandidzutsa n'kundikhazika pampando panja, wina akundikupiza ndi chipewa. A Daka anakhala pambali panga atandigwira phewa, nawonso maso ali psuu.

Nyimbo itatha, a Mbewe anaimirira, jekete lakuda atamanga mabatani onse.

"Abale ndi alongo, mbale wathuyu wavutika mwakachetechete. Munthu amene sankakongola ngakhale mchere, tinamuona akukongola paliponse, akuwonda, ife osadziwa kuti akudwazika mayi ake. Ndiye Lachinayi atabwera kudzandiuza za zovutazi..."

Ndinasiya kulira n'kudzutsa mutu.

"Pepani a Mbewe. Anakuuzani ndani?"

"Inuyo, a Kachingwe."

"Ineyo? Foni sinachokere kumudzi?"

"Foni yanji? Munabwera nokha, munati ulendo uno musachedwe." Anatembenukira kwa anthu n'kugwedeza mutu, kusonyeza kuti chisoni chandisokoneza. Kenako anatulutsa pepala m'thumba. "Ndipo simuchedwa. Bungwe latapa m'thumba lake, abale asonkhanso chipepeso. Pasipoti yanu tili nayo kopi. Tikiti ya ndege nayi, munyamuka mawa."

Azimayi anayankha pamodzi kuti, "Ambuye adalitse!"

Ndinalakalaka nthaka ya Vosloorus itang'ambika. Koma ndinaimirira, mamina ali chuchuchu, n'kufotokoza zonse. Za khadi, za mtsikana wa zikhadabo, za buledi, za mboni. Mayi a Tadala anachotsa manja kumutu n'kuwaika m'chiuno.

Woyamba kulankhula anali a Daka.

"Imwe a Kachingwe! Buku ya my friend siifika ku kompyuta ya banki! Credit ni ku sitolo ya vovala, olo contract ya foni, vamene vilembewa mu system. Usipa? Mwenze kufuna kupeleka a Mbewe ku banki ngati ankhoswe?"

"Ndiye miyezi yonseyi..."

"Zero, mudala. Simunabadwe!"

Wina kumbuyo anayamba kuseka, koma anakumbukira kuti wasonkha nawo, n'kusiya. A Mbewe anayang'ana tikiti ija nthawi yaitali, kenako ananena motsitsa kuti ndi yotchipa ija, yosabweza ndalama.

Ndi nthawi imeneyo foni yanga inalira. Nditaona dzina, ndinadina pa loud mosadziwa, aliyense n'kumamva.

"Iwe Fanuwelo!"

Anali mayi, okhawo amene amandiitana ndi dzina limenelo. Azimayi awiri anakuwa n'kuthawira kuseri kwa nyumba.

"Amayi, muli bwanji?"

"Ndili bwanji? Ndili pakhonde ndikusenda mtedza, kwabwera mng'ono wawo wa mayi Mbewe akulira kuchokera kumsewu, akuti ku Joni kwamveka kuti ndafa. Atandiona wakomoka, tikumuthira madzi pano. Ndafa liti ine?"

"Pepani amayi, anthu sanandimvetse. Ndimakonzekera zoti tsiku lanu likadzafika ndidzabwere msanga pa ndege."

Mawu a mayi anatsika.

"Mwananga, zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'ana kumsewu, Khirisimasi iliyonse. Iwe ukusungira ndege mtembo? Ukadzafika msanga tsiku limenelo, ndidzakuona ndi maso ati?"

Pabwalo ponse panalibe woyang'ana mnzake. Ine misozi inayambiranso, koma ya mtundu wina. A Mbewe anapukuta m'maso, n'kundiika tikiti ija m'manja.

"Pitani. Koma iyi ndiye ngongole yeniyeni, a Kachingwe, ndipo mboni ndi tonsefe."

"Akuti chiyani?" anafunsa mayi.

"Akuti ndibwere mawa, amayi."

"Bwera ndithu, malemu akukudikira. Ndipo akuti uwagulire bulangete la ku Joni, lija lolemera, kuno kukuzizira!"

Masana omwewo mayi a Tadala anandikoka mpaka ku sitolo ina ku mall, n'kunditsegulitsa akaunti, ataima pambali panga ngati wapolisi. Ngongole yoyamba imene kompyuta inalemba pa dzina langa ndi ya bulangete la malemu, ndipo malemuwo akulifunda mpaka lero.

Ukafuna kuti banki ikudziwe, kakongole ku sitolo. Ukakongola kwa abale mwakachetechete, amayamba kukudziwa ndi a bungwe la maliro.