Nthochi za Mizimu

Lolemba

Dzina langa palibe pa bolodi. Ndapita ndekha ku ofesi ya operekeza alendo ku Fort Lister, ndawerenga kawiri, ndi chala. Mayina khumi ndi awiri. Langa alifufuta, fumbi la choko likuonekabe. Zaka makumi atatu ndikukweza alendo phiri la Mulanje, zikwama zawo kumsana kwanga, lero akuti ndakalamba.

Wafufuta ndi Nampinga, mlamu wanga, mlongo wawo wa akazi anga, amake Esinati. Ndiye tcheyamani tsopano. Munthu amene ndinamuphunzitsa ine kumanga katundu ndi luzi! Akuti: "Alamu, pumani. Alendo a masiku ano amafuna setifiketi."

Setifiketi imadziwa kumene nkhungu ikuchokera?

Loweruka kukubwera gulu la ku Blantyre, anthu a m'maofesi, akukwera kukagona kumtunda kwa phiri, ku Sombani. Awaperekeza Nampinga mwini wake. Ine ndikufuna gulu limeneli litsike likutchula ine, dzina langa libwerere pa bolodi. Basi.

Lachiwiri

Zofunika:
nsapato
ndodo
Chingerezi
bondo

Nsapato yakumanzere ilipo. Yakumanja makoswe aberekeramo. Ndodo yanga ya mkungudza amake Esinati anachirikizira khola la mbuzi, akuti ndikaichotsa ndikagone ndi mbuzizo. Sinditsutsa. Pamudzi pano ndine mkamwini, ngakhale imvi zili mbuu.

Chingerezi chatsala chochenjeza poterera ndi chopemphera fodya.

Bondo silikuyankha.

Lachitatu

Ndikuyesa bondo. Ndikwera mpaka pa mwala wa pamtsinje, pamene alendo amapumira koyamba. Kale ndinkafika thukuta lisanatuluke. Lero ndanyamuka dzuwa likutuluka, ndafika lili paliwombo. Amayi otola nkhuni andipitirira pokwera, potsika andipezanso. Mmodzi akuti: "Agogo, mwataya chiyani?"

Ku Sombani sindingafike. Ndavomera, ndalemba pano kuti ndisakane mawa. Koma pamwala ndifika.

Potsika chiperoni chandinyowetsa mpaka m'mafupa. Kunyumba ndiwo ndi kalongonda wa dzulo.

Lachinayi

Nzeru yabwera ndikusenda nandolo.

Phiri ili lili ndi lamulo. Ukapeza chakudya panjira, nthochi zakupsa kapena chinangwa chotentha, ndi cha mizimu. Umadya wekha, chete, mpaka chithe. Sufunsa waika ndani. Suitana mnzako. Ukaitana, nkhungu imatseka, ndipo kumudzi amangomva kuti munakwera. Ine ndinapezapo kamodzi, kalekale. Ndinadya ndekha mpaka chinatha.

Nampinga sadziwa zimenezi, mutu wake uli mu foni. Ndiye:
1. ndikaika nthochi pamwala
2. ndibisala
3. iye aziona, aitana alendo kuti agawane
4. ine nditulukira, ndikuwa kuti asakhudze, ndipulumutsa gulu lonse

Alendo afunsa: mkuluyu ndani? Bwanji sanatipatse ameneyu? Nampinga ayankhe yekha.

Mizimu indikhululukire. Ndikungobwereka dzina lawo tsiku limodzi.

Lachisanu

Nthochi zakupsa pakhomo pano ndi phava limodzi lokha, amake Esinati akusungira alendo a kutchalitchi. Ndatenga iwo ali kudimba. Khumi ndi zinayi. Zili m'thumba la feteleza, kuseri kwa bafa.

Abwera, avundukula dengu. "Kunafika munthu?" Ndati sindinaone. Tsopano akuti waba ndi amake Joni a nyumba yoyandikana nafe. Mawu akuponyerana pampanda, afika mpaka pa nkhuku ina imene inasowa chaka chatha. Ine ndikusoka nsapato.

Nsapato: kumanzere yanga, kumanja jombo ya kumunda. Ndikuyenda ngati njinga yophwa tayala.

Loweruka

Ndanyamuka tambala asanalire, ndawayambirira kufika pamwala. Nthochi ndayala pa masamba, pamwamba pa mwala. Ine kuseri kwa thanthwe, mu udzu wonyowa. Anyani awiri akuyang'anitsitsa, ndikuwagenda ndi timiyala. Kenako linthumbu! Lalowera mu jombo, likukwera. Sindingakuwe.

Akubwera. Anthu khumi ndi asanu, zipewa zofanana, wina wanyamula wailesi ikuimba. Paphiri! Mayi wina akupuma ngati mvukuto, akufunsa ngati kumtunda kuli golosale.

Nampinga patsogolo. Waona nthochi. Waima. Ine ndagwira bondo, ndakonzeka kudumpha.

Wavula chipewa. Wakweza dzanja kuti onse atonthole. Wakhala pansi. Akusenda.

Sakuitana munthu!

Imodzi, ziwiri, zitatu. Pofika yachisanu ndi chinayi thukuta lili kamukamu, maso atong'oka, koma akumeza. Khumi ndi zinayi zonse, yekha. Wailesi yazimitsidwa, mafoni onse m'mwamba akujambula.

Watha, wageya, akuwafotokozera lamulo lonse. Mawu anga enieni, mpaka pamene ndimaima kuti nditsokomole. Ndakumbuka tsopano. Ndinamuuza ndine, pamwala womwewu, chaka chimene anayamba kunyamula katundu. Munthu ameneyu sanandimverepo pa chilichonse, koma ichi anasunga.

Bambo wina wa magalasi akuti: "Apa tapeza munthu wodziwa phiri." Aombera m'manja, apitirira.

Ine ndatsika chokhala.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, mwendo watupa. Gulu latsika masana likuimba dzina la Nampinga. Kanema wa m'mafoni uja akuti wafika kale mpaka ku Chiringa.

Dzuwa litapendeka akulu atatu a m'mudzi afika pakhonde, Nampinga kumbuyo kwawo atagwira pamimba. Akuti nkhani yagawa anthu. Ena akunena kuti ndi mizimu, ena akuti anaika munthu. Wamkulu wawo akuti: "Palibe wodziwa phiri lino kuposa inu. Mawu anu ndiwo athetse nkhaniyi."

Amake Esinati aima pakhomo, munsi uli m'manja. Amva zoti nthochizo zinali khumi ndi zinayi. Nawonso akudikira yankho.

Ndikati anaika munthu, afunsa kuti ndani.

Ndayang'ana kuphiri nthawi yaitali, ngati ndikufunsa. Nkhungu yokhayokha.

Ndati ndi mizimu.

Akulu aombera m'manja. Akuti ndiye kuti phiri lamulandira Nampinga, ukulu wake ndi wochokera kumwamba. Nampinga wagwada, wandigwira dzanja ndi manja awiri, akuti: "Alamu, zonse ndinaphunzira kwa inu." Sabata ikubwerayi kukubwera magulu atatu, onse akufuna iye.

Za dzina langa palibe watchula, nanenso sindinafunse. Mawa ndikapalira chinangwa.