Kilachi Yolimba ya a Isaki

Pa Msundwe panalibe munthu wokayikira anzake ngati a Isaki. Mukawapatsa moni, ankayamba asuzumira kumbuyo kwanu kuti aone amene wakutumani. Mukawauza kuti kunja kukugwa mvula, ankatulutsa dzanja pawindo. Koma kukayikira kwawo konse kunkathera pa kanjinga kawo kamoto kofiira, kamene anagula fodya atayenda bwino chaka china. Analumbira kuti palibe mwana wa munthu amene adzakayendetse kupatula iwo. Kanabwera ndi makiyi awiri. Mmodzi ankamusunga m'sokosi, winayo anatuma akazi awo, amake Triza, kuti akamuponye m'chimbudzi.

Ine ndine Vincent, ndimasoka nsapato pakhonde la golosale, ndipo nyumba yanga inayang'anizana ndi yawo. Zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso, zina zinandigwera ine ndemwe.

A Isaki anali mkulu wa mpingo komanso mlimi wa fodya, ndiye ankachokachoka. Lero kumsonkhano wa mpingo, mawa ku okushoni ku Kanengo. Maulendo oterewa ankakwera minibasi, poti m'tauni, malinga ndi iwo, amene si wakuba ndiye kuti sanapeze mpata. Njinga ankaitsekera pabalaza n'kusiya amake Triza kuti ailondere.

Tsiku lina akutsika minibasi, Misheck wa kabaza anawathamangira.

"Madala, dzulo munandidutsa pa Nsaru ngati mphepo. Ndinakuimbirani mluzu, osacheuka n'komwe."

"Dzulo liti?"

"Dzulo lomweli. Helemeti yanu, jekete lanu lija lachikopa."

"Dzulo ine ndinali ku Kanengo."

"Ndiye kapena mulipo awiri," anatero Misheck.

A Isaki anakafika kunyumba, osavula ndi nsapato zomwe, n'kugwada pambali pa njinga, mphuno pa injini. Ananunkhiza kanthawi ndithu, kenako anadzuka.

"Mapuleti apserera. Wina wakwera, ndipo sadziwa kusiya kilachi."

Munthu wina akanathamangira kwa sing'anga. A Isaki anali mkulu wa mpingo, komanso asing'angawo ankawakayikira, choncho anatenga sipanala.

Kwa inu amene mumangokhala kumbuyo n'kumalipira: kilachi ndi kachitsulo kaja kakumanzere kwa chiwongolero. Ukalephera kukafinya, njinga imangodumpha n'kuzima. M'kati mwa injini muli mapuleti ndi masipuling'i owapanikiza. Masipuling'i akalimba, kachitsulo kaja kamalimbanso. Nzeru ya a Isaki inali yakuti akalimbitse mpaka wakubayo alephere.

Anayamba ndi mapuleti atsopano. Mnyamata wogulitsa zitsulo ku Namitete anaona zakuda tsiku limenelo. A Isaki ankatenga puleti, kuikanda ndi chikhadabo, kuinunkhiza, n'kuibweza kuti imeneyo ndi katoni yopaka utoto. Amene anasankha pomaliza anakawaviika mu oyilo m'poto wa ndiwo, poto pansi pa bedi. Kenako anachotsa masipuling'i a kanjingako n'kuikamo a njinga yaikulu.

Sanakhalitse, wina anawauza kuti anawaona ku Kabudula atanyamula dengu la tomato. Anatsegulanso injini n'kuika mawashala, tizitsulo tozungulira tija, pansi pa masipuling'i kuti alimbe koposa. Wina anati anawaona akulowa pachipatala cha Namitete ndi mayi wapakati kumbuyo. Anaonjezera mawashala ena. Waya wa kilachi unaduka, anaikapo wonenepa. Dzanja lawo lamanzere linakula mpaka wotchi inasiya kumangika. Anayesanso kuwaza phulusa kuzungulira njinga kuti agwire mapazi a wakubayo, koma pobwera ankapeza amake Triza asesa.

"Ine sindingagone m'nyumba yauve," ankatero mayiwo, ndipo a Isaki ankangopukusa mutu kuti akazi samvetsa za chitetezo.

Apa m'pamene anayamba kupatsa amuna moni ndi dzanja lamanzere, kuti agwire amene ali ndi mphamvu zofinyira kilachi. Taganizani, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo! Anayambira kwa ine, ati osoka nsapato amakhala ndi zala zamphamvu.

"A Vincent, tandipatsani lamanzere."

"Lamanzere? Kodi ndakulakwirani chiyani?"

Anandifinya mpaka zala zinalira, kenako anakweza dzanja langalo n'kulinunkhiza.

"Guluu," anatero.

"Nanga si ndimasoka nsapato?"

"N'zimene mukufuna kuti ndiziganiza, eti?"

Ndinapsa mtima zedi, sindibisa. Munthu ndinamusokera nsapato za ukwati wa mwana wake, lero ndakhala wakuba? Koma mkwiyo unatha nditamva kuti ngakhale abusa, atapita kukawalangiza, anayamba auzidwa kuti afinye kachitsulo kaja. Abusa anafinya mpaka misempha ya m'khosi inatuluka, osatheka. A Isaki anawagwira paphewa n'kunena kuti, "Inu abusa ndakuchotsanipo."

Tinkawachenjeza ndithu. Ine ndinawauza pamaso kuti, "A Isaki, kuno galimoto ndi yosowa. Tsiku lina mudzadwala, njingayi idzafunika, ndipo palibe adzathe kukunyamulani."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwadziwa bwanji kuti ndidzadwala?"

Tsikulo linafika m'nyengo ya mvula, nthawi ija mafuta anasowa. Kunali kum'mawa, a Isaki akusoka fodya m'chigafa, ndipo anangoti khu pansi, dzanja pamtima. Anyamata a kabaza pafupifupi onse anali pamizere ya petulo m'tauni. Galimoto sikanalowa kwathu chifukwa cha matope. Njinga yokhayo yokhala ndi mafuta m'mudzi monse inali ya a Isaki, poti iwo sankakhulupirira kuti mawa petulo adzapezeka, ndiye thanki inkakhala yodzaza.

Tinaitulutsa panja. Misheck, amene anabwera wapansi poti yake inalibe mafuta, anasolola kiyi m'sokosi ya wodwalayo n'kuiliza. Anafinya kilachi, kachitsulo osasuntha. Anafinya ndi manja awiri, kanangosuntha pang'ono, ndipo atasiya dzanja limodzi kuti agwire chiwongolero, njinga inadumpha n'kuzima. Ndinayesa ine, wa zala zamphamvu uja, zinakanika. Kutsegula injini kukanatenga nthawi, ndipo masipanala anali m'bokosi limene kiyi wake ankadziwa ndi mwiniwake yekha. A Isaki anali chigonere pamphasa, milomo ikuyera. Ndinachita mantha, ndipo mumtima ndinawatukwana.

Kenako chitseko chinatseguka. Munatuluka munthu wovala helemeti ndi jekete lachikopa. Misheck anangoti kukamwa yasa.

"Si awa ndinawaona pa Nsaru?"

"Tachokani apo, mukuchedwetsa," anatero amake Triza.

Anazula kiyi wa m'sokosi uja n'kuponyera Misheck, ati ameneyo amavuta potembenuza. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsamo kiyi amene tonse tinkadziwa kuti ali m'chimbudzi. Anakwera, kuliza kamodzi, n'kufinya kachitsulo kaja ngati akufinya ndimu. Tinawamangirira amuna awo kumsana kwawo ndi nsalu, ine n'kukhala kumbuyo kuti ndiziwagwirira.

Tinayenda choncho atatu, matope akuthovukira m'makutu. Titafika pamsewu wa tala, ndinamva mawu otsika kuchokera pakati pathu.

"Amake Triza."

"Ee, bambo."

"Ndinu?"

"Ndine."

"Anakuphunzitsani ndani?"

"Ndakhala kumbuyo kwanu zaka zonsezi. Mumati ndimayang'ana mitengo?"

"Nanga dzanja limeneli munalitenga kuti?"

"Munandipatsa ndinu. Mukaika washala, ndinkavutika sabata yoyamba, kenako n'kuzolowera. Mukanaika onse tsiku limodzi, bwenzi nditaleka kalekale."

Ndinamva msana wa a Isaki ukugwedezeka, ndinayesa akutsirizika. Anali akuseka. M'zaka zonse zimene tinakhala moyandikana, ndinali ndisanawamvepo akuseka. Atapezanso mpweya anati, "Pamtunda apo tsitsani giya. Musandiwotchere mapuleti."

Tinafika nawo amoyo. Anakhala m'chipatala masiku angapo, akufunsa anamwino kuti m'botolo la diripi muli chiyani kwenikweni. Triza anafika kuchokera ku Mchinji, anacheza ndi bambo ake, anapemphera nawo. Ine nditapita kukawaona, anandipatsa dzanja lamanja. Loweruka m'mawa anatisiya.

Pamaliro pawo amayi a Chigwirizano ankayang'anana n'kumabisa nkhope m'zitenje. Onse ankadziwa. Ena mwa ana amene ankathamangathamanga pasiwapo anapita kukabadwira ku Namitete pa kanjinga komweko, a Isaki ali ku Kanengo.

Masiku ano pa Msundwe munthu umagula puleti ya kilachi ngati ukugula mchere, palibe woinunkhiza. Ukanena kuti kunja kuli mvula, anthu amangovomera. Moni ndi wa dzanja lamanja basi. Ndinkayesa ndidzapumula, koma pakhonde langa pamandikulira, ndipo ndimawasowa madala aja koopsa.

Kanjinga kofiira kakuyendabe. Amake Triza amadutsa masana, nkhope poyera, tomato kumbuyo. Tsiku lina anaima kuti ndiwasokere silipasi, ndipo Misheck anawauza mwaulemu kuti atha kuwachotsera mawashala aja kwaulere, dzanja lipumuleko.

"Usakhudze," anatero mayiwo.

"Koma mayi, pano mukuopa ndani?"

"Palibe." Anafinya kachitsulo kaja pang'onopang'ono mpaka kanagunda chiwongolero. "Madala aja sankagwira munthu dzanja popanda kumuyesa. Ndikafinya apa, ndimamva ngati andigwira."

Anaponda giya n'kulowera njira ya ku Nsaru.